Mwatopa kulimbana ndi ana pa nkhani ya foni? Umu ndi mmene mungagwirizanirane ndi aneba pa yadi

Nkhani ya ana ndi foni simungaithe muli nokha, makamaka ife okhala m'makomboni a Lusaka muno komwe yadi imodzi ili ndi zitseko 6 kapena 8, mpopi umodzi, chingwe choyanikira zovala chimodzi. Inu mulanda foni, mwana angotuluka, masitepe angapo wafika kwa aneba komwe TV imayaka kuchokera m'mawa mpaka a ZESCO atakumbuka kuthimitsa, ndipo mnzake ali ndi foni ya amake yodzadza makatuni. Madzulo akubwera kukufunsani kuti chifukwa chani ine ndekha, anzanga onse amaloledwa. Ndipo kunena zoona mwanayo sakunama ayi. Nde apa ndifotokoza mmene makomo angapo oyandikana angapangire chimodzi, kaya muli ku Matero, Chawama, Mtendere, Kalingalinga, olo ku Chilenje komwe nyumba iliyonse ili ndi mpanda wake koma ana amalowerana mageti tsiku lonse.

Yambani ndi makomo ochepa

Musayambe ndi komboni yonse, musaitane akansala, musapange komiti ya tcheyamani ndi msungichuma, zimenezo zimathera pa kukangana maudindo. Werengani ana amene mwana wanu amasewera nawo tsiku ndi tsiku, mupeza kuti ndi a makomo 4, 5, olo 6 basi. Amenewo ndi amene mukuwafuna. Komanso musayambire pa gulupu ya WhatsApp, uthenga wokamba za ana a anthu aliyense amauwerenga ndi mawu amene wasankha yekha mumtima mwake, pofika madzulo wina wakwiya kale ndipo watuluka mu gulupu. Pitani nokha mukalankhule pamaso, pa mpopi, pochokera ku tchalitchi, pa tsiku la chilimba, ku chigwirizano ngati ndinu a RCZ, ku mphakati ngati ndinu a Katolika.

Kayambidwe kake ndiye kofunika kwambiri. Dandaulani za mwana wanu, osati wa iwo. Mwachitsanzo, "Aneba, ine wanga uja wandisowetsa mtendere, ndikamulanda foni amalira ngati kwagwa maliro, nsima sadya popanda katuni, kaya kwanuko zikuyenda bwanji?" Mudzaona okha akumasuka, chifukwa pafupifupi khomo lililonse nkhondo yake ndi yomweyi, kungoti aliyense amaganiza kuti ndi kwake kokha. Koma mukangoti mwana wanu ndi amene akuphunzitsa wanga zimenezi, basi nkhani yathera pompo, mwina ndi moni yemwe atha.

Ndipo musaiwale anthu amene amakhala ndi anawo masana. Amayi ambiri amadzuka 04 awazi kupita ku Soweto kukaoda, abambo ali pa minibasi kapena ku ntchito ku tauni mpaka mdima, amene amagwira rimoti masana ndi agogo, mtsikana wantchito, kapena mkulu wawo wa anawo amene amalowa sukulu ya masana. Mukapangana inu nokha osawauza amenewa ndiye kuti mwapangana za nyumba imene simukhalamo. Agogo auzeni mwaulemu, awonetseni kuti mukufuna thandizo lawo, iwonso amakhala atatopa ndi phokoso la makatuni koma amaona kuti ndi njira yokhayo yoti mwana akhale pansi iwo apumeko.

Sabata imodzi ingoyang'anani kaye

Musanakhazikitse lamulo lililonse, tengani sabata imodzi kungoona. Mafoni ambiri a Android, ma Tecno, Infinix, Samsung, mukalowa mu Settings mupeza pamene palembedwa Digital Wellbeing, pamenepo pamaonetsa maola amene foni yayaka tsiku limenelo ndi apu imene yadya nthawi yambiri. Pa iPhone amati Screen Time. Lembani pa kapepala tsiku lililonse, onjezeranipo maola a TV, ndi nthawi imene mwana amakakhala ku shopu ya magemu. Chenjezo lokha ndi lakuti ngati foniyo mumabwerekana ndi mwana, nambala imene ituluke ndi ya nonse awiri, ndiye musathamangire kumunamizira mwana maola amene munali inuyo pa Facebook.

Kuti mukhale ndi poyezera, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2019 akuti mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, kuchepera pamenepo ndi bwino koposa. Kwa a zaka 5 mpaka 17 chimene WHO imanenetsa ndi chakuti azithamanga, kudumpha, kutuluka thukuta mphindi zosachepera 60 patsiku. Za tulo, madokotala amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12, wachinyamata maola 8 mpaka 10. Nde werengani nokha, mwana amene amadzuka 05:30 kuti akafike ku sukulu nthawi yabwino, maola 9 akutanthauza kuti pofika 20:30 akhale atagona. Amene ali pa TikTok mpaka 23 awazi mu bulangeti ndi yemwe uja aphunzitsi amati amasinza m'kalasi.

Malamulo akhale atatu, osapitirira

Mukakumana, pansi pa mtengo pa yadi Lamlungu madzulo, aliyense abwera ndi maganizo ake ndipo mukasekerera mutuluka ndi malamulo 15 amene palibe angawakumbuke. Ine ndimati atatu akwana.

Loyamba ndi la usiku, ndipo limeneli ndiye lalikulu, mukalephera ena onse gwirani ili. Kuyambira 20 awazi foni iliyonse ya mwana ikagone kuchipinda kwa makolo, itchajidwe komweko. Osati pansi pa pilo, osati "ndikuikira alamu", gulani kawotchi ku City Market kapena mudzutseni nokha. Zambiri zoipa zimene ana amakumana nazo pa intaneti, anthu achilendo owalembera mauthenga, mavidiyo osayenera, kubetcha, zimachitika usiku pamene inu mwagona. Ubwino wopangana makomo angapo ndi wakuti gulupu yawo ya WhatsApp ija imangoti zii nthawi imodzi, palibe woti ndikuphonya zimene anzanga akukamba.

Lachiwiri ndi la pa nsima. Podya foni pansi, TV yothima, kwa aliyense kuphatikiza abambo. Ana aang'ono amene anazolowera kudyetsedwa akuonera katuni avuta masiku oyamba, atseka pakamwa, agwetsa mbale, musachite mantha, mwana wathanzi njala ikamugwira adya.

Lachitatu ndi la madzulo, kuyambira cha m'ma 16 awazi mpaka dzuwa kulowa, ana onse a makomo amenewa akhale panja, ma TV onse othima. Apa ndi pamene mgwirizano umaonekera ntchito yake, chifukwa mwana akathawira kwa aneba akapeza TV yothimanso, ndipo aneba ali ndi ufulu womuuza kuti iwe tuluka kasewere ndi anzako. Koma panganani malire ake momveka bwino. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, inde, koma masiku ano kumumenya kapena kumulanda foni imene anagula ndi bambo ake kungakufikitseni ku polisi posti. Mutulutseni ndi mawu basi, zikavuta kauzeni makolo ake madzulo, paokha, osati kukuwa pa yadi.

Pali nkhani ina imene si lamulo la tsiku ndi tsiku koma ikambidwe tsiku lomwelo, yoti mwana azikhala ndi foni yakeyake ya intaneti ali ndi zaka zingati. Facebook, TikTok ndi Instagram eni ake amati munthu akhale ndi zaka 13 kuti atsegule akaunti, koma tonse tikudziwa ana a giredi 4 amene ali pa TikTok chifukwa ananama chaka chobadwa, nthawi zina ndi ife tomwe amene tinawathandiza kunamako. Ku Britain makolo anayambitsa gulu mu 2024 lotchedwa Smartphone Free Childhood, mfundo yake ndi yomweyi yopangana kuti tonse tidikire mpaka ana afike zaka 14, ndipo ku Australia nyumba ya malamulo inavomereza mu 2024 lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti pa masamba a mchezo. Ife sitikudikira lamulo, makomo 5 akhoza kungopangana kuti wa pulaimale ayi. Ngati mwana amakwera minibasi yekha ndipo mukufuna kumamuimbira, foni ya mabatani ikwanira, batire lake limakhalanso masiku angapo, ndipo akuba sailabadira kwenikweni.

Nanga panjapo akachite chani

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Kulanda foni nkosavuta, koma mwana amene mwamulanda foni osamupatsa chochita adzakhala pa khomo panu akulira, kukukokani chitenje, mpaka inu nomwe mutatopa nkumubwezera. Foni ija inali ikugwira ntchito ya kulera mwana, tiyeni tivomereze, nde ntchito imeneyo wina ayenera kuitenga.

Pangani kalozera wa akuluakulu, tsiku lililonse munthu mmodzi wamkulu akhale panja nthawi ya madzulo ija. Sikuti akhale mphunzitsi ayi, atenge mpando wake, azisadzula ndiwo kapena kuluka tsitsi, bola maso ali pa ana. Amene amagwira ntchito mpaka usiku atenge Loweruka, kapena agule mpira, kapena choko, aliyense aponyepo kanthu. Ngati pali agogo aamuna opuma pa ntchito amene amangokhala ndi wailesi, amenewo ndi chuma, apempheni aphunzitse anyamata ndi atsikana omwe nsolo ndi drafuti, bolodi yake ndi katoni ndi zitsekerero za mabotolo basi.

Masabata oyamba muyenera kuwayambitsira masewerawo, musadabwe, ana ambiri a masiku ano sadziwa malamulo a chiyato. Khalani pansi inuyo amayi, jambulani kabwalo kapena kumbani kadzenje, ikani timiyala, ponyani mwala m'mwamba, tulutsani, bwezani kusiya kamodzi, awonetseni kawiri katatu. Waida imangofuna chingwe cholumikiza ndi ana atatu. Gemu yoponyana mpira ija, awiri m'mbali wina pakati akuzinda uku akudzadza mchenga mu botolo, imasonkhanitsa ana a mu mzere wonse popanda kuwaitana. Chidunu, masanje, magalimoto a waya, chimpombwa cha mapulasitiki omanga ndi zingwe. Galimoto ya waya yokha imadya masana atatu, kufuna waya, kupinda, kudula mapatapata akale kuti apange matayala, kukangana kuti chiwongolero chitalike bwanji, ndipo mwana amene akupanga zimenezi safunsa za foni. Akangogwira, inu bwererani pa mpando wanu, musawaweruze mkangano uliwonse, kukangana kuti mpira unalowa kapena sunalowe ndi mbali ya masewerawo, lowererani pokhapokha wina akatola mwala.

Chinthu chimodzi chimene ndimakana ine ndi ichi, nthawi ya panja isasanduke yoti anyamata ali ku mpira atsikana ali kutsuka mbale ndi kubereka ana. Mtsikana akaona kuti kusiya foni kukutanthauza kuonjezeredwa ntchito, adzaibisa foniyo mu chidebe cha ufa ndipo ine sindingamudzudzule. Ntchito za pakhomo agawane onse, zithe isanakwane 16 awazi, kenako onse panja. Barbra Banda anakulira mu Lusaka momwemuno akumenya mpira, ndipo ku ma Olympics a ku Tokyo mu 2021 anagoletsa zigoli zitatu zitatu m'masewero awiri otsatizana, ndiye mtsikana akafuna mpira mupatseni mpira.

Malo ndi vuto lenileni, sindikana. M'makomboni ambiri malo amene kale anali mabwalo anamangapo nyumba ndi mabala, msewu muli magalimoto ndi njinga zamoto. Yang'anani bwalo la tchalitchi kapena la sukulu yapafupi, mupite awiri kapena atatu kwa abusa kapena ahedi mukapemphe masiku awiri pa sabata, muwauze kuti padzakhala munthu wamkulu ndipo muzidzatola zinyalala pochoka. Akakhala munthu mmodzi wopempha amakanidwa msanga, makolo atatu obwera pamodzi amamveredwa. Nthawi ya mvula samalani kwambiri, makamaka ku Kanyama, Misisi, Chawama ndi malo ena amene madzi amadikha, tonse tikukumbuka kolera imene inachedwetsa kutsegulira sukulu mpaka February mu 2024. Madzi odikha si posewerera, masiku amenewo ana alowe pa khonde la nyumba imodzi, drafuti, ludo, makhadi, kujambula, kusoka zidole za nsanza, posamba m'manja pakhale pafupi.

Madzulo a mdima musawaope. Chaka cha 2024 chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse, zinatipweteka m'mabizinesi ndi m'mafiriji, koma amene munali tcheru munaona ana atadzadza panja kuposa zaka zonse, mafoni atafa, ma TV ali chete, mpaka kuimba nyimbo za masewera zimene timaganiza kuti zinaiwalika. Ndiye sankhani usiku umodzi pa sabata, olo malaiti alipo, ana akhale pa mphasa panja, mbaula pakati, wina wamkulu ayambe "padangokhala" iwo ayankhe "tili tonse". Za Kalulu ndi Fisi zikatha auzeni za kumudzi, ku Katete, ku Chadiza, ku Mchinji, za ulendo wanu woyamba kubwera ku Lusaka pa basi ya Great East Road, za Kulamba ku Mkaika. Ana obadwira mu tauni muno ambiri chinenero chathu akungochidziwa cha pa msewu, apa ndi pamene amamva mawu amene sangawamve kwina.

Kamodzi pa mwezi mukhoza kusonkha kandalama nkuwatengera kwina. Kuli laibulale ya ana ya Lubuto ku Garden, kuli OYDC pafupi ndi Heroes Stadium komwe kumachitika masewera osiyanasiyana a achinyamata, kuli Lusaka National Museum, Kabwata Cultural Village komwe akaone anthu akusema ndi manja, Munda Wanga ku Chilanga. Funsani kaye za masiku ndi mitengo musananyamuke ndi ana 12 pa minibasi.

Achinyamata ndi nkhani ina

Wa zaka 15 simungamuuze kuti kasewere chidunu, akusekani. Amenewa aitaneni pa msonkhano pomwe, alankhule, afunseni okha kuti foni izilowa nthawi yanji, mudzadabwa ena akunena nthawi yoyambirira kuposa imene inu mumaganiza, chifukwa iwonso amadziwa kuti akutopa. Mukhoza kuwapatsa 21 awazi m'malo mwa 20. Apatseni udindo, akhale oimbira mpira wa ana, aphunzitse ang'ono masamu, akonze timu ya mu mzere wanu ikasewere ndi mzere wina Loweruka. Amene ali ndi chidwi apezereni poti aphunzire ntchito ya manja, kwa atelala, kwa okonza njinga, kwa owotcherera mageti ku Kalingalinga, bola ndi munthu amene mukumudziwa bwino ndipo si malo obisika. Ndipo musamanyoze chilichonse cha pa foni, mwana amene akuphunzira kukonza zithunzi, kuphika, masamu pa YouTube, kapena akuimbirana ndi amake amene ali ku Johannesburg sali chimodzimodzi ndi amene akungoseweretsa chala kukweza mavidiyo maola 4. Mufunseni akuonetseni chimene akuonera, khalani naye mphindi zingapo, mukaseka naye kamodzi adzakuonetsaninso mawa.

Zoti mukonze mu foni momwemo

Izi zisakhale zoyamba, chifukwa ana amazizungulira mwachangu kuposa ife, koma zimathandiza. Pezani mmodzi pa gulu lanu amene amadziwa mafoni, akhale pansi tsiku limodzi akonzere onse.

Choyamba sinthani PIN ya Airtel Money kapena MoMo, ndipo musamatume mwana kuti akuguleni bandulo ndi PIN yanu. Makolo ambiri amadabwa ma K5 ndi ma K10 akusowa pang'onopang'ono, nkumakalalatira wa pa buthi, chonsecho wakuba ali m'nyumba momwemo akudya nawo nsima. Sinthaninso loko ya foni, ya kujambula ndi chala ija amaiona kamodzi basi waloweza, ikani manambala.

Ngati mwana ali ndi foni yake ya Android, pali apu ya Google yotchedwa Family Link, yaulere. Mumaika pa foni yanu, mwana mumamutsegulira akaunti ya Google yolemba zaka zake zenizeni, kenako mumalumikiza. Mukatero mukhoza kuika maola a patsiku, nthawi yoti foni izidzitseka yokha usiku, ndipo apu yatsopano singalowe inu osavomera. Ngati foni ndi yanu yobwerekana, mu Digital Wellbeing momwe muja mukhoza kuika malire pa apu iliyonse, YouTube mphindi 30 mwachitsanzo, ikakwana imatseka mpaka mawa. Pa YouTube thimitsani Autoplay, kabatani kamene kamapangitsa vidiyo ina kuyamba yokha ina ikatha, ndi kameneko kamene kamasandutsa katuni imodzi kukhala masana onse. TikTok ili ndi Family Pairing yolumikiza akaunti yanu ndi ya mwana. Kwa aang'ono kwambiri njira yophweka ndi kudawunilodiratu makatuni awiri atatu amene mwawaona nokha, kuthimitsa data, ndiye kumupatsa. Akatha atha. Ndipo muuzeni asanayambe kuti uonera ziwiri basi, kusiyana nkumutsomphola foni pakati pa nkhani, pamenepo olo munthu wamkulu angakwiye.

Sukulu ndi mashopu a magemu

Kuchokera nthawi ya korona mu 2020 sukulu zambiri, makamaka zapulaiveti, zinazolowera kutumiza homuweki pa WhatsApp, ndipo ana anapeza khomo lolowera, "amami ndipatseni foni ndione homuweki", mphindi 2 homuweki, ola lonse zina. Njira yake, kholo ndi amene atsegule uthenga, mwana akopere mu buku, foni ibwerere. Mukakhala makolo angapo a sukulu imodzi kaikambeni pa msonkhano wa PTA, pemphani kuti homuweki izilembedwa pa bolodi ana asanaweruke, kapena izitumizidwa isanakwane 17 awazi osati 21 awazi.

Mashopu a PlayStation ndi malo oonetsa mafilimu musawaiwale, mukathimitsa TV kunyumba ana ena amasamukira kumeneko ndi ndalama ya chenji. Mwini shopu ndi munthu wofuna kudya ngati inu, musapite ndi nkhondo, pitani atatu mukamupemphe kuti ana ovala yunifolomu asamalowe nthawi ya sukulu ndipo aang'ono azituluka dzuwa likamalowa. Ambiri amavomera chifukwa sakufuna kudana ndi mzere wonse. Koma za makina a bonanza ndi kubetcha pa foni palibe kunyengerera, zimenezo ndi za akuluakulu a zaka 18 kupita m'mwamba, mukaona mnyamata wa sukulu akudziwa ma odi a mpira wa ku England kuposa matebulo, fufuzani nambala imene akubetchera, kawirikawiri imakhala ya mkulu wake kapena ya amalume ake a pa yadi pomwepo.

Akuluakulu nafenso tili momwemo

Ana amaona. Simungamuuze mwana kuti foni imaononga mutu inu maso ali pa Facebook, akukuuzani za ku sukulu inu mukungoti mmm, mmm. Ambiri a ife foni ndi ofesi, maoda amabwera pa WhatsApp, ndalama imalowa pa foni, palibe akuti muitaye. Koma pa nsima ikhale pansi, ndipo amene ali pa kalozera wa panja tsiku limenelo aiike m'thumba. Abambo a mpira wa Loweruka ndi amayi a masewero a pa Zee World, panganani poyera kuti awa ndi maola a TV ya akuluakulu, ana adziwe, kusiyana nkuti lamulo lizisweka mwakachetechete tsiku lililonse 19 awazi ikakwana.

Zimene zidzavute

Sabata yoyamba ndi ya misozi, yachiwiri ndi ya kuzemba, mupeza foni yakale imene munaiwala mu kabati yaukitsidwa, kapena mwana akutchajira kwa mnzake wa mzere wina. Musapange mlandu waukulu, tengani foniyo, bwerezani lamulo, basi. Chilango chisakhale kumenya, ndipo mphoto ya khalidwe labwino isakhale foni, chifukwa mukatero mukumuphunzitsa kuti foni ndiye chinthu chokoma kuposa zonse pakhomopo.

Khomo limodzi lidzafooka, zimenezo yembekezerani. Mwina ndi mayi amene ali yekha, amabwera 20 awazi atatopa, ana atatu, alibe mphamvu yolimbana ndi aliyense. Musamunene pa mpopi. Muuzeni kuti ana ake azibwera panja ndi anzawo olo iye sangakwanitse tsiku lake la kalozera, agwire lamulo la usiku lokha. Ndipo amene wakaniratu musiyeni, ana ake musawathamangitse akabwera ku waida, nthawi zambiri ndi anawo amene amakakoka makolo awo.

Mukapeza mu foni ya mwana zinthu zoopsa, munthu wamkulu akumulembera zachikondi, kumupempha zithunzi, kapena anzake akumunyoza mpaka sakufuna kupita ku sukulu, musayambe ndi kukalipa, mukatero ulendo wina adzabisa. Musafufute mauthengawo, jambulani sikirini musunge, ndipo nkhani yotere si ya pa gulu la aneba, ndi ya inu ndi mwana wanu ndi oyenera kuthandiza. Nambala ya Childline ndi 116, ndi yaulere, ndipo ku polisi kuli Victim Support Unit. Za nkhanza za pa intaneti mukhozanso kudandaula ku ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti.

Pakatha mwezi kumananinso, kwa mphindi 30 basi, bweretsani timapepala tija muyerekeze ndi manambala atsopano a mu Digital Wellbeing, ana akuluakulu akhalepo anene chimene chikuwavuta. Lamulo limene palibe akulitsata lichotseni kapena lisintheni. Ndipo holide isanayambe, ya April, ya August ndi ya December, khalaninso pansi padera, chifukwa pa holide ana ali pakhomo kuyambira m'mawa ndipo maola awiri a madzulo aja sakwanira, pafunika kuonjezera nthawi ina ya m'mawa ndi munthu wina wa pa kalozera, komanso kuwauza alendo obwera kudzachezera holide, ana a achemwali anu ochokera ku Kitwe kapena ku Chipata, tsiku lomwe afika kuti pa yadi pano foni imalowa 20 awazi.